Ndalama za Kane zinapita kuti? Yankho kwa wochemerera Tottenham

Funso: Zikomo akatswiri. Ine ndimachemerera Tottenham kuyambira ndili kusekondale. Mu 2023 tinagulitsa Harry Kane ku Bayern Munich, ndipo tinamva pa wailesi kuti talandira mayuro pafupifupi 100 miliyoni. Mpaka lero anzanga koonera mpira amandinena kuti tinagulitsa ng'ombe n'kugula nkhuku. Chinaletsa akuluakulu a timu n'chiyani kutenga ndalama zomwezo n'kukagula womwetsa zigoli wina wa msinkhu wa Kane nthawi yomweyo? Kodi ndi umbombo, kapena pali zina zimene ife masapota sitiziona? — Wochemerera Spurs, Ndirande

Yankho: Achimwene, funso lanu ndalimva, ndipo kupweteka kwa mtima kumene kuli m'kati mwake ndakumvanso. Kane sanali wosewera wamba. Anamwetsera Tottenham zigoli 280, kuposa wina aliyense m'mbiri ya timuyo, ndipo 213 mwa izo zinali za mu Premier League. Sizoni yake yomaliza timu yonse inamwetsa zigoli 70 mu ligi, iye yekha 30. Anachoka pa 12 Ogasiti 2023, mawa lake muli ndi masewero otsegulira ligi ku Brentford. Aliyense wokonda timu yake zikanamuwawa.

Ntchito yanga ndi yowerengera ndalama, ndipo kwa zaka zingapo ndinathandizapo komiti ya timu ina yaing'ono kuno kwathu, choncho ndiyankha ngati munthu amene amayamba wayang'ana m'mabuku asanayang'ane pabwalo. Maganizo anga ndi awa: kusagula womwetsa zigoli wa mtengo wapamwamba mu Ogasiti 2023 sikunali kulakwa. Tottenham inalakwadi, koma inalakwa zaka ziwiri m'mbuyomo, ndipo ndifika pamenepo.

Tiyambe ndi chifukwa chimene anamugulitsira. Kane anasaina kontrakiti ya zaka 6 mu 2018, yomwe imatha mu 2024. Mu 2021 anafuna kupita ku Manchester City, wapampando Daniel Levy anakana. Pofika 2023 kunali kutatsala chaka chimodzi, mwini wake ali ndi zaka 30 ndipo sakusaina ina. Chigamulo cha khothi la ku Ulaya pa mlandu wa Bosman mu 1995 chinakhazikitsa kuti wosewera amene kontrakiti yake yatha amachoka ulele. Ndiye Levy anali pa mphambano: kulandira mapaundi pafupifupi 86 miliyoni (ndiwo mayuro 100 miliyoni aja) lero, kapena kumusunga miyezi 10 n'kumuona akunyamuka osasiyako ndi tambala yomwe. Kukana ndalamazo kukanakhala ngati kulipira mapaundi 86 miliyoni kuti Kane asewere sizoni imodzi, kuwonjezera pa malipiro ake. Palibe timu imene imadzidyetsa yokha, yopanda mwini wothira ndalama za m'thumba mwake chaka ndi chaka, ingachite zimenezo.

Tsopano ndalamazo. Mtengo umene mumamva pa wailesi si chikwama cha ndalama chimene amachisiya pa tebulo tsiku losainirana. Pa msika wa osewera ku Ulaya, mtengo waukulu kawirikawiri amaulipira pang'onopang'ono, m'magawo, kwa zaka ziwiri, zitatu, mwina kuposa. Gawo lina limakhala la "zikatheka": mudzalandira timu yogulayo ikatenga ligi, kapena wosewerayo akakwanitsa masewero akutiakuti. Atolankhani amakonda kuphatikiza zonse n'kulengeza nambala yaikulu chifukwa ndi imene imakoma m'makutu. Palinso malamulo a FIFA onena kuti wosewera akagulitsidwa kupita dziko lina, 5 peresenti ya mtengo igawidwe kwa matimu amene anamulera kuyambira zaka 12 kufika 23. Kwa Kane gawo lalikulu la ndalama imeneyi linabwerera kwa Tottenham yomweyo poti anakulira pakhomo, koma pa osewera ambiri imatuluka. Maejenti nawonso amadya pa malonda ambiri, kugula kapena kugulitsa.

Chinanso chimene masapota ambiri anachiiwala n'chakuti pamene Kane amakwera ndege, ndalama zake zinali zitayamba kale kudyedwa. Mu Juni Tottenham inali itagula James Maddison ku Leicester pa mapaundi 40 miliyoni ndi goloboyi Guglielmo Vicario ku Empoli. Inali itamaliza kugula Dejan Kulusevski ndi Pedro Porro, amene poyamba anabwera mongobwereka. Masiku ochepa Kane asanachoke inatenga Micky van de Ven ku Wolfsburg. Tsiku lotseka msika, pa 1 Seputembala, inawonjezera Brennan Johnson wa ku Nottingham Forest pa mapaundi 47.5 miliyoni. Mukaphatikiza zonsezi zimaposa kutalitali ndalama za Kane. Zonsezi zimachitika m'chaka chimene timu inathera pa nambala 8 ndipo sinalowe mpikisano uliwonse wa ku Ulaya, kutanthauza kuti ndalama za UEFA, bungwe loyendetsa mpira ku Ulaya, ndi za pakhomo za masewero a pakati pa sabata kunalibe. Pamwamba pa izo pali bwalo latsopano limene linatsegulidwa mu Epulo 2019, lomwe linadya mapaundi pafupifupi biliyoni imodzi ndipo linasiya ngongole yoposa mapaundi 800 miliyoni. Chiwongola dzanja cha ngongoleyo sichidikira kuti timu yapambana kapena yagonja. Mutha kunena kuti Levy ankaumira pa malipiro, ndipo ndingagwirizane nanu, koma kunena kuti ndalama za Kane anaziika pansi pa pilo si zoona.

Pali nkhani ya m'mabuku imene ndikufuna muimvetse bwino, chifukwa ndi imene imayendetsa zambiri zimene zimakudabwitsani pa msika. Timu ikagula wosewera, mtengo wake sulembedwa wonse ngati ndalama yotuluka chaka chomwecho. Amaugawa pa zaka za kontrakiti. N'chimodzimodzi munthu wogula minibasi: sanena kuti chaka chino ndaluza mtengo wonse wa galimoto, amadziwa kuti imutumikira zaka zingapo, ndipo chaka chilichonse mtengo wake ukutsika. Titenge chitsanzo chongoyerekeza. Mwagula womwetsa zigoli pa mapaundi 80 miliyoni, kontrakiti ya zaka 5. Chaka chilichonse m'buku mukudulidwa 16 miliyoni. Munthu wa mtengo wotere sangavomere malipiro ochepa. Tinene kuti akulandira mapaundi 250,000 pa sabata, omwe ndi 13 miliyoni pa chaka. Ndiye kuti mwadzimangirira katundu wa mapaundi 29 miliyoni chaka chilichonse, 145 miliyoni pa zaka zisanu. Akamwetsa zigoli, zili bwino. Akapanda kumwetsa, katunduyo sachoka pamutu, ndipo palibe timu ina imene ingamutenge chifukwa malipiro ake saakwanitsa. Mumangomuona pa benchi mwezi ndi mwezi akulandira.

Pogulitsa zimayenda mosiyana. Phindu lonse limalembedwa chaka chomwecho, ndipo phindulo ndi mtengo wogulitsira kuchotsapo zimene zatsala m'buku pa wosewerayo. Mwana wokulira pakhomo ngati Kane sanagulidwe, choncho m'buku alibe mtengo, ndipo ndalama yonse imalowa ngati phindu. Zimamveka zokoma, koma onani msampha wake: phindu la Kane limaoneka chaka chimodzi chokha n'kuzimiririka, pamene katundu wa wolowa m'malo mwake mumausenza zaka zisanu. Chaka choyamba mabuku amawala. Chaka chachitatu mumayamba kufunafuna mwana wina wa pakhomo woti mumugulitse kuti mutseke dzenje.

Ndipo dzenjelo lili ndi chilango. Pa nthawi imeneyo malamulo a Premier League sankalola timu kuluza ndalama zoposa mapaundi 105 miliyoni pa zaka zitatu. Sizoni yomweyo ya 2023/24, Everton inalandidwa mapointi 10, omwe anawatsitsa kufika 6 itachita apilo, kenako inalandidwanso 2. Nottingham Forest inalandidwa 4, ndipo nkhani yake ikukukhudzani: Forest inadziteteza ponena kuti inachedwa dala kugulitsa Brennan Johnson kuti ipeze mtengo wabwino, n'kumugulitsa kwa inu mu Seputembala, chaka cha mabuku chitatsekedwa kale pa 30 Juni. Oweruza sanavomere kuti chimenecho chiwapulumutse. UEFA nayo inabweretsa lamulo loti ndalama zopita kwa osewera, makochi, maejenti ndi kugula osewera zisapitirire 70 peresenti ya zimene timu imapeza, ndipo mu 2023 inaletsa kugawa mtengo wa wosewera pa zaka zoposa 5 itaona Chelsea ikusainitsa makontrakiti a zaka 8. Tottenham sinali pafupi ndi chilango, koma inali kutali ndi chilangocho chifukwa cha kusamala komweko kumene inu mumakutcha umbombo.

Tsono tiyerekeze kuti ndalama zonse zinalipo m'manja, ndipo malamulo kulibe. Mukanagula ndani? Apa ndi pamene ine ndimaona kuti masapota timadzinamiza. Anthu omwetsa zigoli 30 mu Premier League pa dziko lonse ndi owerengeka ndi zala za dzanja limodzi, ndipo ali kale m'matimu olipira kuposa Tottenham, akusewera Champions League. Erling Haaland akanachoka ku City kubwera ku timu ya nambala 8? Amene amapezeka pa msika ndi a gulu lachiwiri kapena anyamata ongoyamba kumene, koma mtengo wawo umakhala wa gulu loyamba. Chilimwe chomwecho Manchester United inalipira Atalanta mapaundi 64 miliyoni, osawerengera zowonjezera, pa Rasmus Højlund, mnyamata wa zaka 20 amene anali atamwetsa zigoli 9 mu Serie A. Sizoni yake yoyamba anamwetsa 10 mu ligi. Umenewo ndiwo unali msika wa omwetsa zigoli mu 2023.

Komanso ogulitsa onse amakhala atamva kuti muli ndi ndalama ndipo muli pa changu. Inu mukudziwa zimene zimachitikira mlimi wa fodya amene wangolandira kumene za ku okushoni akalowa mumsika: njinga imene dzulo inali pa mtengo wina, lero yakwera, chifukwa wogulitsa waona thumba. Barcelona inakumana nazo mu Ogasiti 2017 PSG italipira mayuro 222 miliyoni pa Neymar. Masapota anali pa moto, akuluakulu a timu anachita mantha, dziko lonse likudziwa kuchuluka kwa ndalama zimene agwira. Borussia Dortmund inawagulitsa Ousmane Dembélé pa mayuro 105 miliyoni, osawerengera zowonjezera zambiri, mnyamata amene inamutenga ku Rennes chaka chimodzi m'mbuyomo pa mtengo wochepa kwambiri. Mu Januwale 2018 Liverpool inawagulitsa Philippe Coutinho pa mtengo wotha kufika mapaundi 142 miliyoni. Mu 2019 anawonjezera Antoine Griezmann pa mayuro 120 miliyoni. Onse atatu pa malipiro aakulu. Coutinho sanakhazikike, anamubwereketsa ku Bayern, ndipo mu Ogasiti 2020 anamwetsa zigoli ziwiri pamene Bayern imakwapula Barcelona 8-2. Pomaliza anamugulitsa ku Aston Villa mu 2022 pa mapaundi pafupifupi 17 miliyoni. Mu Ogasiti 2021 pulezidenti Joan Laporta analengeza kuti ngongole ya timuyo yafika mayuro 1.35 biliyoni, ndipo mwezi womwewo Lionel Messi anachoka akulira chifukwa malamulo a La Liga sanalole kuti amulembetse. Mliri wa Covid unathandizira, sindikukana, koma unapeza nyumba itafooka kale ndi malipiro.

Koma simufunikira kupita ku Spain kuti muphunzire zimenezi. Zinachitika m'nyumba mwanu momwe, ndipo poti mwachemerera kuyambira kusekondale ndikhulupirira mukukumbukira 2013. Gareth Bale anamwetsa zigoli 21 mu ligi, timu inapeza mapointi 72, kenako Real Madrid inamutenga pa mapaundi pafupifupi 85 miliyoni, mtengo woposa wina uliwonse pa nthawiyo. Chaka chimenecho Tottenham inachita ndendende zimene anzanu akuti ikanachita ndi ndalama za Kane: inazimwaza zonse nthawi imodzi, n'kuwonjezerapo. Anabwera asanu ndi awiri, Paulinho, Nacer Chadli, Roberto Soldado, Étienne Capoue, Vlad Chiricheș, Christian Eriksen ndi Erik Lamela, pa ndalama zoposa mapaundi 100 miliyoni. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa iwo amene anali atasewerapo mu Premier League. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mu Novembala munagonja 6-0 ku Manchester City, mu Disembala 5-0 pakhomo ndi Liverpool, ndipo kochi André Villas-Boas anachotsedwa ntchito. Zigoli za timu zinatsika kuchoka pa 66 kufika 55. Soldado, amene anagulidwa ku Valencia pa mapaundi 26 miliyoni kuti akhale womwetsa zigoli wamkulu, anamwetsa 7 zokha mu ligi pa masizoni awiri, zingapo mwa izo za penate. Pofika kumapeto kwa chilimwe cha 2015, Paulinho, Soldado, Capoue ndi Chiricheș onse anali atachoka. Amene anapindulitsa timu kwambiri, Eriksen, anali mmodzi mwa otsika mtengo, mapaundi pafupifupi 11.5 miliyoni kuchokera ku Ajax.

Nanga amene analowadi m'malo mwa Bale anali ndani? Anali pa benchi nthawi yonseyo. Mnyamata wa pakhomo amene anamubwereketsa ku Leyton Orient, ku Millwall, ku Norwich ndi ku Leicester, poti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo ambiri ankamuona ngati wongodutsa. Kochi Tim Sherwood anamuyambitsa masewero a ligi a Tottenham koyamba mu Epulo 2014 polimbana ndi Sunderland, ndipo anamwetsa. Sizoni yotsatira, pansi pa Mauricio Pochettino, anamwetsa 21 mu ligi, chiwerengero chomwe chija cha Bale. Dzina lake Harry Kane. Mfundo imeneyi imandikhudza nthawi zonse ndikaiganizira: munthu amene mukumulira lero sanagulidwe ndi ndalama za Bale, anapeza mpata chifukwa amene anagulidwa ndi ndalamazo analephera. Levy anali pa mpando mu 2013, ndipo ndikukhulupirira kuti mu 2023 chilonda chimenecho chinali chisanapole.

Pali njira ina yogwiritsira ntchito ndalama za katswiri, ndipo anaionetsa ndi amene analandira ndalama za Coutinho. Liverpool sinakasake Coutinho wina. Kochi Jürgen Klopp anali ndi Salah, Mané ndi Firmino kutsogolo. Kumene timu imadontha kunali kumbuyo. Mwezi womwewo wa Januwale 2018 anabwera Virgil van Dijk kuchokera ku Southampton pa mapaundi 75 miliyoni, ndipo mu Julayi goloboyi Alisson kuchokera ku Roma pa pafupifupi 65 miliyoni. Zigoli zolowa mu ligi zinatsika kuchoka pa 38 kufika 22. Mu 2019 anatenga Champions League ku Madrid, ndipo mukudziwa bwino kuti amene anagonja usiku umenewo ndi Tottenham yanu yomweyi. Mu 2020 anatenga ligi patapita zaka 30. Funso limene Liverpool inadzifunsa silinali lakuti tipeza kuti munthu wofanana ndi amene wachokayu, koma lakuti timu yathu ikutayira pati mapointi.

Mukafunsa funso lomwelo za Tottenham ya 2022/23, yankho lili poyera. Kane anamwetsa 30 koma munathera pa nambala 8, chifukwa munalowetsa zigoli 63. Goloboyi Hugo Lloris anali atakalamba, kumbuyo kunalibe liwiro, ndipo chichokereni Eriksen mu 2020 pakati panalibe wopanga mipata, moti Kane ankachita kubwerera m'mbuyo kudzadzipangira yekha. Vicario, Van de Ven ndi Maddison anagulidwa kudzatseka mabowo atatu amenewa. Kochi watsopano Ange Postecoglou anabwera ndi kaseweredwe kamene sikadalira munthu mmodzi. Zotsatira zake, popanda Kane timu inamwetsa zigoli 74, kuposa 70 zija za pamene analipo. Son Heung-min anamwetsa 17, Richarlison 11, zina zinachokera kwa osewera pakati ndi kumbuyo komwe. Mapointi anakwera kuchoka pa 60 kufika 66, ndipo munathera pa nambala 5. Masewero 10 oyamba munali pamwamba pa ligi ndi mapointi 26, mpaka usiku uja wa Novembala polimbana ndi Chelsea pamene Maddison ndi Van de Ven anavulala masewero amodzi. Zigoli za katswiri zikhoza kugawidwa pakati pa anthu anayi kapena asanu. Zimenezi muwauze anzanu ku Ndirande, ndipo manambala ali kumbali yanu.

Koma ndisakunamizeni kuti palibe chinatayika. Pali masewero amene timu yotsutsana nayo imatseka pakhomo ndi anthu khumi, mpata n'kupezeka umodzi wokha mphindi 90 zonse. Pamenepo zigoli zogawana sizithandiza. Pamafunika munthu amene mpata umodzi umamukwanira. Zigoli zolowa nazonso sizinatsike kwenikweni, 61 kuchoka pa 63. Ndipo sizoni ya 2024/25 munagonja masewero 22 mu ligi n'kuthera pa nambala 17, ngakhale munatenga Europa League ku Bilbao pa 21 Meyi 2025, chikho choyamba kuchokera mu 2008, ndi chigoli cha Brennan Johnson yemwe uja. Kane naye anamwetsa 36 sizoni yake yoyamba mu Bundesliga ndipo mu 2025 anatenga ligi. Sindinganene kuti timu inakhala bwino chifukwa choti iye anachoka. Ndikunena kuti kuthamangira kumsika sabata imene anachoka sikukanakonza zinthu.

Tsopano pamene ine ndimaloza chala. Mu 2021 zinadziwika poyera kuti Kane akufuna kuchoka. Kuyambira nthawi imeneyo aliyense m'nyumbamo ankadziwa kuti tsiku likubwera, ndipo kontrakiti inali kuwerenga masiku. Panali zaka ziwiri zathunthu zoti apeze mnyamata wa zaka 19 kapena 20 pa mtengo wabwino, ogulitsa asananunkhize ndalama, azikula pambali pa Kane, azisewera m'zikho ndi mphindi zomalizira. Chimene anachita ndi kugula Richarlison ku Everton mu 2022 pa mapaundi 50 miliyoni ndi zowonjezera, munthu wolimbikira koma amene sanakhalepo womwetsa zigoli zambiri, ndipo sizoni yoyamba anamwetsa chimodzi chokha mu ligi. Mnyamata wachichepere, Alejo Véliz wa ku Argentina, anafika mwezi womwewo umene Kane amachoka, mochedwa ndi zaka ziwiri. N'zoona kuti n'kovuta kukopa womwetsa zigoli wabwino kuti adzakhale pa benchi kumbuyo kwa munthu amene samapuma, koma kuvuta kwake ndiyo ntchito imene akuluakulu a timu amalipidwira.

Kuti muone mmene zimakhalira zikakonzedwa bwino, tengani nkhani ya mwana wa kwa aneba athu, Patson Daka wa ku Zambia. Red Bull Salzburg ya ku Austria inamutenga kuchokera ku Kafue Celtic mu 2017, chaka chimene Zambia inatenga chikho cha Africa cha osewera osapitirira zaka 20 pakhomo pake. Anayamba ku Liefering, timu yawo yolerera anyamata, n'kumakwera pang'onopang'ono. Mu Januwale 2020 Haaland anapita ku Dortmund, ndipo Salzburg sinathamangire kumsika. Daka anali kale m'timu, akudziwa kaseweredwe, akudziwa anzake. Anamaliza sizoni imeneyo ndi zigoli 24 mu ligi, yotsatira 27. Mu 2021 Leicester inamugula pa mapaundi pafupifupi 23 miliyoni, ndipo Karim Adeyemi anali atakonzeka kale. Adeyemi atapita ku Dortmund mu 2022, Benjamin Šeško anali pamzere. Ligi ya Austria si Premier League, ndikudziwa, koma Brentford inachita zofanana ku England komweko: inagulitsa Neal Maupay mu 2019, Ollie Watkins n'kutenga malo, inagulitsa Watkins ku Aston Villa mu 2020 pa mapaundi 28 miliyoni, n'kutenga Ivan Toney ku Peterborough ya ligi yapansi pa kagawo kochepa ka ndalamazo. Toney anamwetsa 31 ndipo timu inakwera kulowa mu Premier League. Matimu amenewa amalemba dzina la wolowa m'malo katswiri akadali m'nyumba.

Nkhaniyi imandikumbutsa timu yaing'ono ija ndinkathandiza. Tinali ndi mnyamata womwetsa zigoli amene timu yaikulu inamufuna, ndipo tinamugulitsa. Ndalama zisanafike n'komwe, mzere unali utayamba: malipiro a osewera a miyezi yam'mbuyo, mwini basi amene ankatinyamula pa ngongole, mayi amene ankatiphikira kukampu. Onsewo anali ndi ufulu wolandira, ndipo tinawalipira. Masapota anabwera kudzafunsa funso lanu lomweli, kuti ndalama za mnyamata wathu zili kuti, ena mpaka kutinena kuti tadya. Chimene chimandipweteka mpaka lero si mawu awo. N'chakuti pofulumira kusaina sitinaike m'mgwirizano chiganizo choti akadzagulitsidwanso tidzalandireko gawo, ndipo mapepala osonyeza zaka zimene tinamulera sanali olongosoka. Ine ndinali pa tebulo pomwepo ndipo sindinalimbikire. Komanso tinalibe mnyamata wina wokonzeka, chifukwa timu ya achichepere tinali titaisiya kaamba kosowa ndalama ya mayendedwe. Kukula kwa ndalama kumasiyana, koma zimene zimachitika mu ofesi katswiri akachoka n'zofanana ku London ndi kuno.

Kubwerera ku Tottenham, womwetsa zigoli amene mumamufuna uja anabweradi, koma patatha chaka. Mu Ogasiti 2024 anagula Dominic Solanke ku Bournemouth pa mapaundi 55 miliyoni, otha kufika 65 miliyoni, atamwetsa zigoli 19 mu ligi sizoni yapitayo. Anamugula timu itabwerera mu mpikisano wa ku Ulaya, kochi atadziwa mtundu wa wosewera amene kaseweredwe kake kakufuna, wothamanga ndi kupanikiza otchinga kumbuyo, ndipo phokoso la ndalama za Kane litazizira. Sizoni yake yoyamba anamwetsa 9 mu ligi. Mutha kutsutsana ndi anzanu ngati zimenezo zikukwanira mtengo wake. Ine ndikuona kuti amagwira ntchito yambiri imene siwerengedwa pa zigoli, koma si Kane ndipo sanagulidwe kuti akhale Kane. M'mabuku, phindu la Kane linalembedwa kamodzi, m'chaka cha 2023/24, ndipo linathera pomwepo. Mtengo wa Solanke, powerengera malamulo a zaka zisanu aja, ndi mapaundi 11 miliyoni chaka chilichonse mpaka 2029, osaphatikizapo malipiro ake.